Chivwende chithe keke isanadulidwe: kukonza phwando la ana kuno ku Harare

Mwana wa achemwali anga atakwanitsa zaka 6 tinamuchitira phwando pabwalo la nyumba yawo ku Mufakose, ndipo ine anandipatsa mbali ya zipatso. Ndinagula maapozi, malalanje ndi nthochi, ndinaziunjika m'beseni lalikulu, n'kuliika pakona ya tebulo moyandikana ndi mbale ya tchipisi ndi ya masiwiti. Pofika madzulo tchipisi anali atatha mpaka nyenyeswa, masiwiti ali tho m'matumba a makabudula, koma beseni langa lili chikhalire. Maapozi atatu okha ndiwo anachoka, ndipo tinawapeza pansi pa mtengo wa mapeyala atalumidwa kamodzi kamodzi. Alamu anga anangoseka nati, "Ana am'tauni awa, alamu, za zipatso alibe nazo ntchito."

Sindinawatsutse pamaso pa alendo, koma ndinkadziwa kuti akunama. Ana omwewo nthawi ya mango amagenda mitengo ya eni mpaka agalu kuwapirikitsa. Wolakwa ndinali ine. Ndinapereka lalanje losasenda kwa mwana amene miyendo ikumuyabwa kuti akalumphe phada, ndipo ndinaliika pambali pa pepala lonyezimira la tchipisi limene anthu anachita kukhalira pansi kulikonza kuti likope maso a mwana. Lalanje langa likanapambana bwanji?

Kuchokera tsiku limenelo ndakonzako maphwando angapo, a ana anga, a abale ndi a kumpingo, ndipo ndaona kuti mwana amadya chimene chili chokongola, chokwana m'dzanja lake, ndipo chamupeza ali ndi njala. Zimene ndikulemba pano ndi za phwando la ana pafupifupi 20, a zaka 3 mpaka 10, lochitikira pakhomo Loweruka masana. Keke ikhalapo, musadandaule. Ine si wa gulu lija lofuna kuimika kandulo pa kabichi.

Yambani ndi mwezi, osati sitolo

Musanalembe zogula, dzifunseni kuti mwanayo anabadwa mwezi uti. Chipatso cha nyengo yake n'chotsekemera, n'chotchipa, ndipo sichifuna kuchonderera mwana. Chipatso chosakhwima bwino, chogulidwa chifukwa munachiona pa chithunzi cha pa Facebook, n'chimene chimaphunzitsa ana kuti zipatso ndi chilango.

Wobadwa mu Disembala kapena Januwale ali ndi mwayi: mango ali mbwee, mavwende alipo, ndiponso masuku, amene anzathu achishona amati mazhanje, amakhala akugulitsidwa m'zidebe m'mbali mwa misewu. Cha mu Febuluwale mpaka Epulo mumapeza magwafa, chimanga chachiwisi, mtedza wauwisi ndi nzama zongokumba kumene. Juni ndi Julaye, Harare akazizira mpaka m'mafupa, ndi nthawi ya malalanje, manachesi, mapeyala ndi mbatata, komanso masawu ochokera kuchigwa cha Zambezi, madera ngati a Muzarabani. Nthochi, zambiri zochokera ku Honde Valley, sizisowa chaka chonse, ndipo malambe ouma mumawapeza nthawi iliyonse.

Pitani ku Mbare Musika, msika waukulu wa muno mu Harare, m'mamawa wa Lachinayi, alimi asanamalize kutsitsa katundu. Kwa ana 20 ine ndimagula chivwende chimodzi chachikulu, nthochi 30 zing'onozing'ono, chinanazi chimodzi kapena ziwiri, chipatso cha nyengoyo chokwana chidebe chaching'ono, mapeyala 4, minkhaka 4, karoti wodzaza manja awiri, mbatata makilogalamu 2, mandimu 6 ndi malambe makapu 4. Pa nthochizo, 8 zikhale zopsa kwambiri, za mawanga akuda, zimene wogulitsa akufuna kuzichotsa. Zimenezo n'zophikira ndipo adzakupatsani pamtengo wa chifundo. Chivwende chiombeni ndi chala: chakupsa chimalira mobuma, ndipo pamene chinagonera pansi pamakhala pachikasu, osati poyera. Mbatata funsani yofiira mkati. Mtundu wake wokha umakopa ana, komanso ndi imene ili ndi michere yopanga vitamini A m'thupi.

Sankhani mitundu ndi maso. Pa tebulo payenera kuoneka chofiira, chachikasu, chobiriwira ndi choyera. Mukaona kuti zonse mwagula n'zachikasu, bwererani mukagule magwafa ofiira mkati kapena minkhaka.

Madzi kaye

Apa sindiseka. Amene tinali muno mu 2008 ndi 2009 tikukumbuka kolera imene inapha anthu oposa 4,000 m'dziko muno, ndipo mu 2018 inabukanso ku Glen View ndi ku Budiriro. Chakudya chosaphika, chodulidwa ndi manja, chodyedwa ndi ana 20, chimafuna madzi amene mukuwadziwa. Usiku wa Lachisanu wiritsani madzi mpaka abwate kwa mphindi yathunthu, muwasunge m'ndowa yovundikira. Kapena thirani mankhwala a kolorini monga mwalembedwera pa botolo, n'kudikira mphindi 30. Madzi amenewa ndiwo otsukira zipatso, opangira zakumwa ndi ayezi. Madzi a pachitsime kapena pamjigo asakunyengeni ndi kuyera kwake.

Tsukani chipatso chilichonse musanachidule, ngakhale chivwende ndi chinanazi zimene khungu lake sitidya, chifukwa mpeni umatenga dothi la kunja n'kulilowetsa mkati. Thabwa lodulira zipatso lisakhale limene mwadulirapo nkhuku ya akuluakulu. Pakhomo lolowera ikani chigubu, sopo ndi beseni, ndipo mwana mmodzi wamkuluko akhale wothirira anzake. Kusamba m'beseni limodzi onse, monga tinkachitira kale, ayi.

Ntchito yaikulu ili pa mpeni

Mwana wa pa phwando ali ndi dzanja limodzi lokha lodyera. Linalo lagwira baluni kapena likukoka mnzake. Choncho chilichonse chikhale choti atole, alume kawiri kapena katatu, chithe. Chosenda, chochotsa njere, chofuna mbale ndi supuni, chidzatsala.

Chivwende musachidule zigawo zikuluzikulu zija zofika m'makutu. Chigaweni pakati, mugoneke theka lililonse chafufumimba, mudule mizere yotalikirana ngati zala ziwiri, kenako mudule mizere ina yopingasa. Mudzapeza timizati tokhala ndi kakhungu kobiriwira kumunsi kogwirira. Madzi satsikira m'zigongono, diresi la phwando limapulumuka, ndipo amayi ake a mwana adzakuthokozani.

Mango dulani mbali ziwiri zija motsata njere, mulembe mizere yopingasana ndi mpeni osaboola khungu, n'kukankha khungulo kuchokera kunsi kuti timabokosi titukuke ngati msana wa kanungu. Ana amalimbirana zimenezi. Malalanje aduleni ngati timabwato, manachesi asendeni n'kuwagawa. Chinanazi chotsani mtima wolimba uja. Minkhaka ndi karoti zikhale timitengo totalika ngati chala, ndipo muziimike m'kapu m'malo mozigoneka m'mbale. Sindidziwa kuti ana amaganiza chiyani, koma choimirira chimatha msanga.

Nthochi, maapozi ndi mapeyala zimada zikadulidwa chifukwa cha mpweya, ndipo mwana akaona chakuda amati chaola. Finyirani mandimu awiri m'kapu ya madzi, muviikemo zidutswazo pang'ono, kapena mungozidula alendo atafika kale pakhomo. Nthochi zina ziduleni ngati mawilo, mupake chiponde pakati pa mawilo awiri n'kuwaphatikiza. Chiponde, chimene kuno amati dovi, chikhale chosinja bwino chopanda shuga, ngati chija amagaya pamsika mukuona.

Ndiye pali zotungira. Gulani timitengo totungira nyama yowotcha, mudule nsonga zake ndi sizasi, mutungepo zidutswa zisanu zosiyana mitundu: chivwende, chinanazi, nkhaka, nthochi, gwafa. Chipatso chomwecho chimene chinakanidwa m'beseni, chikakhala pa kamtengo chimasanduka kanyenya, ndipo mwana amayenda nacho monyada ngati bambo wa pa Mereki, malo otchuka owotchera nyama muno mu Harare. Nsongazo muduledi, chifukwa ana amathamanga atanyamula.

Ngati muli ndi nthawi ndiponso mwana wamkulu wokonda kujambula, theka limodzi la chivwende likombeni mkati, muboole mawindo, mumatepo mawilo a nkhaka, mudzazemo zidutswa za zipatso ngati anthu okwera. Imeneyo ndi kombi, minibasi ya kuno. Nthochi imodzi muisuzumiritse pakhomo ikhale kondakitala. Pa phwando lina ana anakana kudya kondakitalayo mpaka onse okwera atatsika. Koma chokongoletsa chotere chikhale chimodzi basi. Ndaonapo amayi akugona 2 koloko usiku akusema akalulu a mazira, m'mawa mwake atatopa mpaka kukalipira mwana amene akumuchitira phwandoyo.

Ana amakondanso kuviika. Phwanyani mapeyala atatu ndi foloko, muthire madzi a ndimu ndi kamchere, muike m'timbale tingapo. Chambiko, kaya ndi Lacto wa m'sitolo kaya mkaka wosasa wa pakhomo, chithireni pa kansalu koyera kokutira sefa, chigone usiku pamalo ozizira kuti madzi akhe. Chimatsala cholimba ngati phala, chabwino kuviikamo karoti, ndipo mukaphwanyiramo nthochi imodzi chimayenda ndi zipatso. Timbale tikhale tambiri ting'onoting'ono, chifukwa mwana amaluma, n'kuviikanso, n'kulumanso.

Mbale zoikiramo musabwereke zagalasi. Malichero oyalidwa masamba a nthochi otsuka bwino amaonetsa mitundu ya zipatso kuposa mbale iliyonse, sasweka, ndipo agogo akawaona amamwetulira.

Za pamoto

Zipatso zokha sizigwira m'mimba, ndipo makolo ena akaona mwana wawo wabwerako ndi njala adzakunenani mpaka Khirisimasi. Pakhale zinthu ziwiri kapena zitatu zophika.

Choyamba ndi tchipisi ta mbatata. Sendani, mudule timitengo, muumitse ndi nsalu, musakanize ndi masupuni awiri a mafuta pa kilogalamu iliyonse ndi kamchere, muyale pa thireyi osasanjikiza. Mu uvuni wa madigiri 200 zimatenga mphindi 30 mpaka 35, kutembenuza kamodzi. Mukaunjikiza, zimangofewa ngati futali. Chinsinsi chake chili pa kaperekedwe: pindani mapepala oyera ngati fanulo, muthiremo mbatata yodzaza dzanja. Nyuzipepala ayi, inki imamatirira ku mafuta. Mwana amene kunyumba amati mbatata yamukwana, akailandira m'kapepala kotere amabweranso kachiwiri.

Chachiwiri ndi chigumu, koma chophikidwa m'zikombole za makeke ang'onoang'ono kuti aliyense akhale ndi chake. Phwanyani nthochi 4 zopsa kwambiri zija, muthire makapu awiri a ufa wa mgaiwa, dzira limodzi, kapu ya chambiko, masupuni atatu a mafuta, supuni ya tiyi imodzi ya soda ndi kamchere. Shuga simufuna; nthochi ya mawanga yakwanira. Mu uvuni wa madigiri 180 tizikombole timapsa pa mphindi 20 kapena 25, ndipo mukabaya ndi mpeni utuluke wouma. Magetsi akathima, monga amachitira tsiku limene mukuwafunitsitsa, thirani zonse mumphika wopaka mafuta, muuike pa mbaula ya moto wochepa, makala ena pamwamba pa chivundikiro, monga ankachitira amayi athu, kenako mudule timabokosi. Chigumu chiphikeni Lachisanu, chimakoma chikagona.

Nthochi 4 zotsalazo ndi za zitumbuwa: kapu imodzi ya ufa, kamchere, n'kuumba tating'ono tophwatalala. M'malo mozimiza m'mafuta, pakani mafuta pang'ono m'chiwaya n'kuziwotcha mbali zonse ziwiri. Sizifanana ndendende ndi za pamsika wa ku Lilongwe, ndikuvomera, koma sindinaonepo zikutsala.

Kuwonjezera apo, mazira owiritsa mphindi 10 n'kuwagawa pakati, chimanga chachiwisi chophika chodulidwa mawilo atatu pa chitsononkho chilichonse, kapena mbuliwuli wokazinga nokha: theka la kapu ya chimanga chake ndi masupuni awiri a mafuta zimadzaza mphika. Maputi a pamsika, chimanga chokazinga chotukuka chija, nawonso ali bwino ngati sanawachulutsire mchere. Chimanga chophika pamodzi ndi nzama, chimene kuno amati mutakura, ndinkaganiza kuti ana a masiku ano angachinyoze, koma nditachithira m'timakapu tating'ono ndi supuni, anachidya ngati chachilendo. Mwina kwa ena mwa iwo chinalidi chachilendo.

Zakumwa, pamene shuga amabisala

Ambiri timalimbana ndi masiwiti n'kuiwala botolo. Zakumwa zambiri za m'mabotolo zimakhala ndi shuga pafupifupi magalamu 10 pa mamililita 100 aliwonse, choncho botolo la mamililita 300 lili ndi masupuni a tiyi 7 kapena kuposerapo. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linalangiza mu 2015 kuti shuga wothira asafike gawo limodzi mwa magawo 10 a mphamvu zimene munthu amapeza m'chakudya patsiku, ndipo n'kwabwino koposa kutsika mpaka theka la pamenepo, lomwe kwa munthu wamkulu ndi magalamu pafupifupi 25, masupuni 6. Ndiye ganizirani kamwana ka zaka 4 kamene kamwa mabotolo awiri keke isanafike. Boma la kuno nalo linayamba kudula msonkho pa shuga wa m'zakumwa mu 2024. Za kuti shuga amapengetsa ana ine sindizikhulupirira, ana 20 akakumana amapenga ngakhale atamwa madzi okha. Chimene ndimachidziwa n'chakuti shugayo amaboola mano ndipo amatseka njala ya chakudya chenicheni.

Konzani malambe. Viikani makapu 4 m'malita awiri a madzi ofunda owiritsa, mudikire ola limodzi, mutikite ndi mthiko mpaka njere zitayera, musefe. Malambe ndi owawasa ndipo ali ndi vitamini C wambiri. Kuti mufewetse kuwawasako phwanyiranimo nthochi zitatu zakupsa ndi makapu awiri a mkaka, kenako mulawe. Shuga ngati akufunika, masupuni akulu atatu kapena anayi pa mtsuko wonse akwana. Theka lithireni m'timapepala ta mafiriziti, mumange, muike mufiriji kuyambira Lachinayi kuti aume gwa ngakhale magetsi atavuta. Pa phwando la mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, palibe chimene chimapambana firiziti ya malambe. Loweruka m'mawa asamutsireni m'bokosi loziziritsira, ndipo adzaziziritsanso chambiko ndi mazira.

Thobwa nalo ndi labwino, kutsekemera kwake kumachokera ku chimera, koma likhale lophikidwa dzulo lake. Likagona masiku angapo limayamba kulowera kwina kumene ana sayenera kupita.

Pakhalenso mtsuko woonekera mkati wa madzi ozizira oyandamamo mawilo a malalanje ndi nkhaka. Ngati mwaganiza zoika Mazoe, zakumwa zosungunula ndi madzi zija, amene pa phwando la muno kusowa kwake kumafunsidwa, sungunulani nokha kukhitchini mochepetsa mphamvu kusiyana ndi masiku onse, mubweretse ali mumtsuko. Botolo likafika pa tebulo, ana amadzithirira ngati uchi. Makapu akhale ang'ono, olembedwa mayina.

Tsiku lenilenilo: msika wa masanje

Zonse mwakonzazi zikhoza kulephera ngati mulakwitsa nthawi. Ana akafika 2 koloko, pa tebulo pasaoneke siwiti, tchipisi ta m'sitolo kapena keke. Zibiseni m'chipinda, mutseke. Asiyeni asewere kaye mphindi 40, phada, chibisalirano, mpira, mpaka thukuta litatuluka. Akayamba kubwera mmodzimmodzi kudzapempha madzi, nthawi yakwana.

Apa ndi pamene ndimachita chimene chinasintha maphwando anga onse. Sindiika chakudya pa tebulo limodzi lalitali la akuluakulu. Ndimayala mphasa zitatu kapena kuika timatebulo tatifupi pamthunzi, pena lichero la zipatso, pena zophika, pena zakumwa, ndipo ana atatu okulirapo, a zaka 10 kapena 11, ndimawamangira zitenje n'kuwauza kuti ndi amalonda. Mwana aliyense amalandira ndalama 6, zomwe ndi timapepala todula tojambulidwa kapena zitsekerero za mabotolo. Kanyenya wa zipatso ndi ndalama imodzi, mbatata ya m'pepala imodzi, firiziti ziwiri. Basi, msika watsegulidwa.

Amene tinakula tikusewera masanje tikudziwa kuti nsima yosapsa ya m'kachitini inkakoma kuposa ya amayi, chifukwa inali yathu. N'chimodzimodzi pano. Mwana amene wagula yekha ndi ndalama yake sataya chimene wagula. Mudzamva akunenerera mtengo, wina akupempha mbasela, amalonda akuitanira m'Chishona chosakaniza ndi Chichewa cha agogo awo, ndipo wina ndithu adzafuna ngongole. Ndalama zikatha, amene akufuna zina aimbe nyimbo kapena avine kuti alipidwe. Lichero lisadzaze kwambiri; muziwonjezera pang'onopang'ono kuchokera kukhitchini, chifukwa chooneka ngati chikutha n'chimene ana amathamangira, ndiponso zotsala m'nyumba zimakhala pozizira, kutali ndi ntchentche.

Pakona ina ikani zidutswa za buledi, chiponde kapena peyala lophwanya, mawilo a nthochi, karoti wopala ndi tizidutswa ta nkhaka, kuti aliyense apange nkhope. Maso a nthochi, tsitsi la karoti, pakamwa pa nkhaka. Ena amapanga nkhope ya amalume awo, ndevu ndi zonse, kenako n'kuwadya.

Mawu amodzi musawatchule tsiku limeneli: "zopatsa thanzi". Mukangoti "idyani, n'zabwino m'thupi", mwana amamva fungo la chipatala. Musanenenso kuti "ukamaliza karoti ndikupatsa keke", chifukwa mwamuuza kale kuti karoti ndi ntchito, keke ndi malipiro. Amene wakana msiyeni. Akaona mnzake akutafuna adzabwera yekha.

Keke ibwere cha m'ma 4 koloko, ndi nyimbo, makandulo ndi zithunzi, ulemu wake wonse. Dulani tizidutswa ngati mabokosi awiri a machesi. Mudzadabwa kuona ena akusiya theka, pakuti mimba zadzaza kale.

Aang'ono kwambiri

Mwana wa mnzako ngwako yemwe, choncho poitana funsani kholo lililonse ngati mwana wawo amatuluka ziwengo akadya mtedza, mazira kapena mkaka. Ngati alipo mmodzi wodana ndi mtedza, chiponde chichotseni pa phwando lonse, chifukwa ana amagawana ndi kugwirana. Mwana akatupa milomo kapena nkhope, kapena akayamba kubanika atadya, thamangirani naye kuchipatala nthawi yomweyo, musayambe mwamupatsa mkaka kapena kudikira kuti muone.

Osakwana zaka 5 musawapatse mtedza wathunthu, mbuliwuli, maputi, masawu, karoti wosaphika wolimba kapena timitengo totungira, zimatsamwitsa. Masuku achotseni njere, mphesa zigaweni m'litali, karoti muwiritseni pang'ono. Akhale pamphasa yawoyawo, adye atakhala pansi, wamkulu ali pomwepo. Wosakwana chaka asalawe uchi. Mtedza uliwonse wa chuku, wofota kapena wowawa utayeni. Poizoni wa chuku satha ndi kukazinga.

Akuluakulu ndiwo ovuta

Ana sanandivutitsepo ngati azakhali. Adzafika ndi kireti ya zakumwa ndi thumba la masiwiti, chifukwa kwa iwo ndiwo ulemu, ndipo anakula nthawi imene botolo lotere linkaoneka pa Khirisimasi pokha. Musawachititse manyazi. Landirani ndi manja awiri, muthokoze, munene kuti, "Azakhali, mwatithandiza kwambiri, izi tisungire akuluakulu ndi zoti ana atenge popita." Kenako apatseni ntchito yolemekezeka, monga kuyang'anira msika kapena kugawa ndalama. Agogo akafunsa kuti, "Kodi alendo muwadyetsa mbatata ngati tili kumunda?" apatseni kapepala kamodzi alawe, ndipo muwapemphe kuti chaka chamawa chigumu adzaphike iwowo, poti dzanja lawo ndi lina. Abambo amene aima pafupi ndi moto wa nyama apititsireni mbale ya zipatso zotungira. Ana akaona amalume akudya chinanazi pa kamtengo, nkhani yatha.

Za kutenga popita, kathumba kakhale ndi siwiti ziwiri kapena zitatu za azakhali zija, chidutswa cha chigumu, nachesi, ndi kanthu kosadya monga pensulo kapena baluni. Ndimawonjezera nthochi yolembedwa dzina: m'mawa lembani dzina la mwana pa khungu ndi kamtengo kosongoka osaboola kwambiri, pofika madzulo zilembozo zimakhala zitada zokha, ndipo mwana amafuna akaonetse kwawo asanadye.

Alendo akapita, zipatso zodulidwa, mazira ndi za chambiko zimene zakhala panja kuposa maola awiri musazibwezere mufiriji. Nyengo yotentha ngakhale ola limodzi ndi lokwanira kuziwononga. Zipite ku nkhuku kapena kudzala la manyowa. Zimene zinatsala m'nyumba pozizira mudye mawa lake. Nthochi zosasenda zisiyeni pawindo zipse mpaka mawanga, Lachitatu muphike zitumbuwa zoti ana atenge kusukulu.